Anafulasha Mawu a Mwana Wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu kuti anandipatsa mwana wamkazi wodziwa kuseketsa anthu. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa zimene ndilembe m'munsimu zingachititse wina kuganiza kuti ndine mayi wodandaula, pamene ayi. Ana ndili nawo ena, ali moyo ndipo amandisunga bwino. Koma uyu ndikunenayu anali chitsirizira changa, ndipo ndiye anapita patali ndi sukulu. Ine ndinalekera ku pulayimale. Kulemba ndimalemba, ngakhale dzanja limachedwa.

Kwathu ndi kwa Nyachikadza, kutsidya kwa Shire, kumene msewu wake ndi madzi. Ntchito yanga ndi yowamba milamba n'kukagulitsa pa boma pa Nsanje. Mwana wangayo atamaliza sekondale anakhala kaye kwa achibale pa boma pomwepo, ndipo nthawi imeneyo kunabwera bungwe lina lophunzitsa atsikana kupanga nthano za m'foni. Anamusankha. Pomaliza maphunzirowo anawasiyira mafoni aja okhudza ndi chala. Sipanatenge nthawi, anakwatiwa ndi mnyamata wa kumtunda, pabanja la Asena kufupi ndi boma. Analowola bwinobwino, sindingawanamizire.

Nthano yake sinali yongomvera ngati sewero la pa wailesi. Womvera nayenso amakhala ndi mbali yake. Mawu amalankhula, kenako amaima n'kukufunsa chochita, ndipo pagalasi pamabwera timabokosi tiwiri, kobiriwira ndi kofiira. Ukadina aka nthano imalowera uku, ukadina ako imalowera kwina, ndipo mathero ake amasiyana. Iye anapanga ya mtsikana amene abambo ake sanabwereko kokavuula ukonde, ndiye mtsikanayo atenga mwadiya, bwato lathu lija la mtengo umodzi, kukawafuna m'dambo.

Mawu onse anajambula yekha. Mtsikanayo anali iye, msodzi woledzera wa padooko anali iye, achule anali iye. Mvuu anaipanga polowetsa mutu mu ndowa yopanda madzi n'kumabangula. Tsiku loyamba kundimvetsera anali atabwera kudzandiona, tili pamoto wowambira nsomba masana, utsi uli m'maso. Ndinangomva m'foni munthu akutsokomola pang'ono, kenako n'kuyamba kupemphera mokoka mawu kuti, "Ambuye, ndine yemwe uja, ndabweranso."

"Iwe, ameneyo ndani?" ndinamufunsa.

"Ndi mayi ake a mtsikanayo."

"Bodza lako. Ameneyo ndine. Wandibera mawu."

"Ndakuberani bwanji poti anu mukulankhula nawo pano? Tadinani msanga, amayi, milamba ikupserera."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Anandigwira chala n'kundiphunzitsa potsegulira foniyo. Pagalasi pamabwera timadontho, ndiye umatilumikiza ndi chala mwa njira yake, ukalakwitsa sikutsegukira. Ndinabwerezabwereza mpaka chala chinaloweza chokha. Anati ngakhale mwamuna wake sanamuonetse, chifukwa akanamamalizira batire ndi mpira.

Pakati pa nthanoyo panali malo amodzi ovuta. Mtsikana uja amafika pomwe njira ya m'mabango yapanikizika, kutsogolo kukumveka mvuu. Mawu amafunsa kuti apitirire kapena abwerere. Kofiira kanali kopitirira, kobiriwira kobwerera. Ine ndimadina kobiriwira. Mtsikanayo amabwerera kwawo, mayi ake amamukalipira, kenako amamupatsa nyika zophika, mizu ija ya m'madzi timadya kwathu, nthano n'kuthera pomwepo abambo aja osadziwika komwe ali. Ulendo uliwonse mwana wanga akabwera ndimaimvera, ndipo ulendo uliwonse ndimadina kobiriwira.

"Amayi, mwabwereranso! Mukuopa mvuu ya mu ndowa?"

"Mwana wa eni ake ndimuphetse ine?"

"Nkhani yeniyeni ili kutsogolo kwa mvuuko. Kumeneko ndaikako zanu. Mukadzamva mudzandithamangitsa ndi chikuni."

"Tangondiuza pakamwa."

"Nkhabe, sindinena! Mukafikeko nokha."

Nthawi imeneyo anali ndi pakati. Ine mumtima mwanga sindimafuna kutumiza mwana wamkazi kokumana ndi mvuu pamene wanga ali woyembekezera, ngakhale zikhale za m'foni. Ndinamuuza kuti ukadzachira, khanda lili pamiyendo panga, ndidzadina kofiirako. Anati chabwino, koma ndidzakhale patali ndi chikuni.

Sanachire. Matenda atayamba anathamangira naye kuchipatala, anthu anayesetsa, koma Mulungu anawatenga onse awiri, iye ndi khanda lomwe. Uthenga unandipeza ndili m'dimba. Za masiku amenewo sinditha kulemba zambiri. Poti analowoledwa, anaikidwa kwa amuna ake. Apampingo anaimba bwino, ndipo eni mudzi anatidyetsa tonse ochokera kutsidya, palibe anagona ndi njala. Zimenezo ndimayamika mpaka lero.

Titachoka kumanda, asewere anga, mayi ake a mkamwini wangayo, anatolera katundu yense wa malemu. Zovala, nsapato, mbale, beseni, ndi foni ija, anazimanga mu nsalu yofunda n'kukaika pakona ya chipinda. Mwambo wa kumeneko ndi woti katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka atachita zochotsa imfa pakhomo. Ife apampingo zina mwa zimenezo sitilowa nawo, koma khomo linali lawo ndipo sindinafune kuwanyozera. Ndinadikira kuti anthu achepe, ndiye ndinapita kukagwada pafupi nawo kuseri kwa nyumba.

"Asewere, ndili ndi pempho laling'ono."

"Nenani."

"M'foni ya mwana uja muli nthano imene anapanga, ya mawu ake. Mbali ina sindinaimve. Nthawi yomasula mtolo ikadzakwana, mudzandilole ndidzangomvera basi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Dothi silinaume kumanda, inu maso ali kale pa katundu?"

"Foniyo sindikuifuna ayi. Idzakhala yanu. Ine ndi mawu okha."

"Mawu a wakufa? Mukufuna mutiitanire chiyani pakhomo pano?" Anatembenukira kwa amayi ena omwe amatsuka miphika, n'kukweza mawu kuti amve. "Mwawamva anthu a m'dambo? Malowolo anadya. Mwana wawo watisiyira chiyani? Ngakhale kakhanda kamodzi nkhabe. Wangotisiyira manda awiri oti tizilimira. Ndiye foni yomweyo akutinso awoloke nayo."

Amayi aja ena anaseka, ena anaweramitsa mitu. Ine ndinawomba m'manja n'kunena kuti takhuta, ndiko kuthokoza kwa kwathu, chifukwa cha chisamaliro cha pamaliro, ndipo ndinadzuka. Ndinadziuza kuti nawonso aferedwa mdzukulu, munthu wopwetekedwa salankhula bwino.

Kunyumba ndinkati ndikakhala pamoto wowambira paja, khutu limadikira. Nkhope yake ndinali nayo pa chithunzi cha ukwati. Koma mwana uja sanali wa nkhope, anali wa pakamwa. Mbali ya nthano imene ndinaimva ndimatha kuibwereza mumtima. Imene sindinaimve ndiyo imandisowetsa mtendere, chifukwa kumeneko kunali mawu ake atsopano, oti sanandiuzepo, ndipo anawakonzera ine. Kwa mayi woferedwa, zimenezo zili ngati mwana akadali ndi ulendo umodzi woti abwere kudzacheza.

Ndinakumbuka kuti anali ndi mnzake amene anaphunzira naye zopanga nthanozo, ndipo tsopano amagulitsa kaunjika mumsika wa pa boma. Nditapita ndi nsomba ndinamufunafuna mpaka kumupeza. Anandikumbatira, tinalira. Kenako ndinamufunsa ngati nthano ya mnzakeyo ali nayo.

"Ndinali nayo, amayi," anatero, maso ali pansi. "Tsiku la maliro lija ndimajambula kwaya, foni inati yadzaza. Ndiye ndinafufuta zina kuti malo apezeke. Ndimati ndidzaitenganso."

"Unafufuta mawu ake kuti ujambule bokosi lake?"

"Sindinaganize choncho nthawi imeneyo. Kanemayo alipo, anatuluka bwino. Inunso mukuoneka. Ndikuonetseni?"

Ndinati ayi mwanangu, zikomo, ndinaliko. Sanachite mwankhanza mtsikanayo, ndipo ndimamupempherera. Mbali ya kutsogolo kwa mvuu ija anati nayenso anali asanaimve. Anati tiyese kuitenganso komwe nthano zonse zimasungidwa. Anadinadina, tinadikira, pagalasi panangobwera poyera ndi timawu ta Chingerezi. Anayesanso atakwera pakhonde la sitolo pomwe netiweki imagwira bwino, zomwezo. Anandifotokozera kuti bungwe lija linamaliza ntchito yake n'kupita, ndipo malo a pa intaneti osungirako nthanozo anatsekedwa poti panalibenso wowasamalira. Ofesi yawo tsopano mumagulitsidwa simenti. Nthano za atsikana onse zinapita, ngakhale yake yomwe. Zinatsala m'mafoni okhawo amene anali atazitenga kale, ndipo ambiri mwa mafoniwo anafa, anabedwa, ena anamira chaka cha madzi osefukira.

"Ndiye kuti yatsala m'foni mwake mokha?"

"Ndikuona choncho, amayi."

"Ikakhalitsa mu mtolo osayaka, mawuwo sawola?"

Anamwetulira pang'ono. "Sawola. Bola asakaifulashe."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo. Anati munthu akalephera kutsegula foni chifukwa sadziwa timadontho tija, amapita nayo kwa okonza mafoni, iwo amailumikiza ku kompyuta n'kuchotsa zonse za m'kati kuti ikhale ngati yatsopano. Kumeneko ndiye kufulasha. Pakhomo paja panalibe wodziwa kutsegula. Wodziwa ndinali ine ndekha.

Nsomba za tsiku limenelo sindinamalize kugulitsa. Ndinasankha milamba yonona, yabwino yokhayokha, n'kupita nayo kwa asewere ngati mphatso. Ndinawapeza pabwalo akupeta mapira. Pambali pawo panali mwana wawo wamkazi, mlongo wake wa mkamwini wanga, mtsikana wamkulu ndithu wokonda kudzikongoletsa. Mkamwiniyo anali chapatali pansi pa mtengo, akukonza njinga. Nsomba analandira ndi manja awiri, analowa nazo m'nyumba. Atatuluka ndinanena chimene ndabwerera.

"Asewere, ndangoti ndikuchenjezeni. Foni ija ili ndi potsekera. Musadzavutike kupita nayo kwa okonza, adzafufuta zonse. Ine ndimadziwa kutsegula. Mudzangondiitana."

Mtsikana uja anasiya kupesa tsitsi. "Mwati mumadziwa kutsegula? Achimwene, mwamva? Mwamuna wake sadziwa, koma amayi ake akudziwa. Ndiye mumabisirana chiyani mmenemo?"

"Palibe, mwanangu. Ndi nthano chabe."

"Nthano yotsekera mwamuna? Kapena mwini mimba ija ali momwemo, mukufuna mukamufufute tisanamuone."

Ndinamva ngati wandithira madzi otentha kumaso. Ndinayang'ana kwa mkamwini wanga kuti mwina ayankhapo, poti mkazi wake amamudziwa. Anangopitiriza kuzungulitsa tcheni cha njinga.

Pamenepo ndinaganiza kuti ngati akundikayikira, ndingowapatsa njirayo kuti adzatsegule okha, ine ndisadzakhudze n'komwe. Ndinasalaza dothi ndi chikhatho patsogolo panga, ndinaboola timadontho ndi chala, n'kuyamba kutilumikiza mmene mwana wanga anandiphunzitsira. Ndimati, mukayambira apa, mutsike chonchi, mukhotere uku. Sindinamalize. Asewere anataya lichero, mapira n'kumwazika.

"Mukujambula chiyani pabwalo panga?"

"Ndi potsegulira pake, asewere."

"Pakhomo pa maliro, imfa isanachoke, inu mukulemba zizindikiro pansi? Mwatha mmodzi, mwabwerera wina?" Anafika n'kupondaponda ndi phazi, kufufuta mpaka fumbi linandilowa m'kamwa. Anaitana mtsikana uja kuti abweretse madzi ndi tsache. Anatsira pomwe ndinajambulapo, madzi ena n'kundinyowetsa chitenje, ndipo anasesa kulozetsa kwa ine ngati akusesa zitosi. Oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Ndinamva wina akuti, paja a m'dambo amatero.

Ine amene ndakhala m'bungwe la amayi a mpingo kuyambira ndili mtsikana, tsiku limenelo ndinatchedwa mfiti ya mwana wanga yemwe. Ndinadzuka, ndinapita chapatali ndi mtengo uja n'kugwada cham'mbali monga timachitira ndi apongozi.

"Apongozi, inu ndiye mutu wa nyumba ija. Ndithandizeni."

"Za katundu ndi za akuluakulu, amayi," anatero osandiyang'ana. Kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Tsiku lomasula tidzakutumizirani uthenga."

Ndinamuthokoza kwambiri. Ndinawoloka ndi mawu amenewo ndipo ndinawasunga. Ndinauza amayi anzanga a kumpingo kuti azindikumbukira m'mapemphero, ndipo ankatero. Mmodzi anandifunsa kuti kodi n'zoyenera kupempherera foni. Ndinati Ambuye amadziwa kuti si foni.

Uthenga sunabwere. Ndinamvera padooko m'mawa wina, kwa mayi wogula nsomba wochokera kumudzi komweko. Anangoti, "Paja dzulo simunabwere bwanji pogawa katundu wa mwana wanu?" Ndinasiya dengu langa m'manja mwa mnzanga n'kukwera mwadiya umene unali pafupi kunyamuka. Nyengo imeneyo namasupuni anali atatseka njira, wopalasa amachita kukankha ndi mponda, kubwerera, kuyesa pena. Ndinakhala kutsogolo n'kumathandiza kukankha masambawo ndi manja. Wopalasayo anandiuza kuti mayi bwezani manja, muno muli ng'ona. Sindinabweze.

Nditafika, asewere anandilandira bwino kuposa kale. Anandiyalira mkeka, anandipatsa madzi akumwa. Kenako anatulutsa beseni la malemu, m'kati muli chitenje chake chimodzi.

"Gawo lanu ndi ili. Musadzati tinakumanani."

"Takhuta, asewere. Nanga foni ija?"

"Yagwera mlamu wake. Wapita nayo ku boma m'mawa uno."

"Kukatani?"

"Ndingadziwe bwanji za ana? Akuti kukaitsukitsa."

Sindikumbuka ngati ndinatsanzika. Ndinatuluka ndi beseni m'manja mpaka pamsewu, ndinaimitsa njinga ya kabaza. Ndinauza wopalasayo kuti bambo, palasani ngati mwanyamula wodwala. Dzuwa la kwathu kuno mukulidziwa, munthuyo malaya anachita kumata pamsana, koma sanadandaule. Mulungu amudalitse kumene ali.

Okonza mafoni pa boma amakhala m'mbali mwa msika, aliyense ndi kathebulo kake pansi pa ambulera. Ndinayenda thebulo ndi thebulo mpaka ndinamuona mlongo wa mkamwini wanga uja atakhala pabenchi, akudya nzimbe. Pathebulo panali kompyuta, ndipo kuchokera ku kompyutayo chingwe chimapita ku foni ya mwana wanga. Ndinaidziwa ndi kachikopa kake kofiirira kong'ambika pakona. Pagalasi panalibe timadontho. Panali kamzere kopingasa, mbali ina kodzaza, mbali ina kopanda kanthu, ndipo kodzazako kamakula pang'onopang'ono.

"Imani! Bambo, chonde imani!"

Wokonzayo anali bambo wachikulire wovala magalasi. Anadzidzimuka. "Kwagwanji, mayi?"

"Foniyo ndi ya mwana wanga. Musafufute. Ine ndimadziwa kutsegula."

Anavula magalasi n'kuyang'ana mtsikana uja. "Chemwali, paja munati mwini wake anamwalira ndipo palibe wodziwa?"

"Ndanama?" anatero mtsikanayo, akulavula zotsalira za nzimbe. "Sanamwalire? Afunseni, si awa amayi ake."

"Zulani chingwecho," ndinatero. Ndinali nditagwada pafumbi, beseni lili pambali.

"Mayi, dzukani, musandigwadire," anatero bamboyo. "Ndikazula pano foni ifa yonse. Ndipo za m'kati zimayamba kuchoka poyambirira pomwe. Zapita kale."

"Zonse? Ngakhale pang'ono pokha, kumapeto kwa nthanoyo?"

"Zonse, mayi. Sikuti zabisika penapake ayi. Zafufutika. Mukanafika ndisanalumikize."

Ndinatembenukira kwa mtsikana uja. Sindinakalipe, mawu analibe mphamvu. "Mwanangu, ndinakuuzani kuti ndimadziwa. Ukanangondiitana, ndimvere kamodzi, foni n'kukhala yako."

"Ndiye ine ndizigona ndi mawu a wakufa kumutu kwa bedi? Nkhabe, amayi. Zithunzi zake, mauthenga ake, ndi mvuu zake zomwezo. Ine ndimafuna yoyera." Anasenda mfundo ina ya nzimbe ndi mano. "Komanso mlamuyo amatisokosera nazo zinthu zimenezo. Munthu wamkulu kulowetsa mutu mu ndowa, ife tikufuna kutungira madzi. Mwataya chiyani? Zibwana zokhazokha."

"Unamva pomwe amajambula? Mbali ya kutsogolo kwa mvuu unaimva?"

"Amadzitsekera m'chipinda. Ndimangomva akuseka yekha ngati wamisala."

Kamzere kaja kanali kasanafike kumapeto. Ndinadziwa kuti bamboyo wanena zoona, komabe maso sanachoke pamenepo. Pa boma magetsi amathima nthawi ina iliyonse, anthu amadandaula tsiku ndi tsiku. Ndinapemphera mumtima kuti athime, ngakhale sindimadziwa ngati zikanathandiza. Sanathime. Wailesi ya pasitolo yoyandikana inapitiriza kuimba, minibasi imaitanira anthu a ku Bangula, mayi wina amatsatsa mbatata kumbuyo kwanga. Kamzereko kanadzaza. Foni inathima, kenako inayaka, inalira kanyimbo kake, n'kubweretsa moni wa Chingerezi ngati kuti yangotuluka m'bokosi.

Bamboyo anazula chingwe mwakachetechete n'kupereka foniyo kwa mwini wake watsopano. Kwa ine anapereka mpando wake womwe. Anati pepani mayi, ndikanadziwa. Ndinati si mlandu wanu, bambo, mwagwira ntchito imene anakupatsani.

Mtsikana uja anapukuta manja pa siketi, anachotsa kachikopa kofiirira kaja n'kukaponya mu ngalande, anasankha kena kowala pa zimene bamboyo amagulitsa. Anaitembenuzatembenuza foniyo padzuwa, akumwetulira. Anthu ena anali atasonkhana chifukwa cha kukuwa kwanga kuja. Ndiye anandiyang'ana, ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati amanyoza kapena amanenadi kuchokera mumtima.

"Amayi, poti inu ndi opemphera, taipemphererani foniyi. Mumsika muno akuba ndi ambiri, komanso yachokera pa maliro. Isandibweretsere tsoka."

Wina pagulupo anati iwe mtsikana ulibe manyazi. Wina anaseka. Bambo wokonza uja anati chemwali tengani foni yanu muzipita. Koma iye anali atatambasula kale dzanja, foni ili pachikhatho, pafupi ndi nkhope yanga.

Sindinakanepo munthu pemphero chibadwire. Ndinaganiza kuti ndikakana lero, ndiye kuti zimene ananena pabwalo paja zaoneka ngati zoona, ndipo dzina limenelo lidzatsalira pa mwana wanga amene sangadziyankhire. Ndinaika dzanja langa pamwamba pa foniyo. Inali yofunda chifukwa cha ntchito imene inali itangochitika. Ndinatseka maso. Ndinapempha kuti isabedwe, isagwere m'madzi, izibweretsa mauthenga abwino okhaokha. Ndinapempha kuti mtsikanayo Mulungu amusunge, adzapeze banja labwino, ndipo tsiku lake lochira likadzafika adzatuluke m'chipatala ndi mapazi ake, khanda lili m'manja. Amene anaima pafupi ndiwo anati ameni.

"Takhuta, amayi," anatero mtsikanayo. Anachotsa foniyo pansi pa dzanja langa n'kuyamba kufunsa bambo uja mmene angaikire timadontho take.

Ndinanyamula beseni n'kutsikira kudooko kuti ndipeze mwadiya usanadzaze. Dengu langa la nsomba mnzanga uja anali atandigulitsira, Mulungu amubwezere.

Papita nthawi tsopano. Mkamwini wanga anakwatiranso, ndipo tikakumana mumsika amandipatsa moni mwaulemu. Ana anga ena amandiuza kuti ndiiwale. Wamkulu anayesa kundipangira mathero ake, akuti mwina mtsikanayo anapeza abambo ake ali moyo pachilumba, mwina mayi uja anamutsatira ndi mwadiya wina. Ndimamuthokoza, amafuna kunditonthoza. Inenso ndayesapo kuganizira. Koma chilichonse chimene ndingapeke chimatuluka ndi nzeru zanga, ndipo ine sindiseketsa. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mbali imene ndinamva. Inayo mwana wanga anaseka nayo yekha m'chipinda, ndipo palibe munthu wamoyo amene akuidziwa.